Mankhwala a Njuchi Ali M'matumbo Mwake Momwe

Mwezi wa Febuluwale ukamayandikira, m'misewu ikuluikulu ya ku America mumadutsa malole onyamula katundu wamoyo: ming'oma ya njuchi yosanjikizana, yokutidwa ndi ukonde kuti eni ake asathawe panjira. Onse amalunjika ku California, kumene mitengo ya mtedza wa almond imachita maluwa nthawi imodzi kwa masabata ochepa chabe. Chigawo chimenechi chimatulutsa pafupifupi 80 peresenti ya mtedza wa almond wa dziko lonse lapansi, ndipo mitengo yambiri ya kumeneko siibala popanda njuchi zonyamula mungu. Choncho eni minda amachita kubwereka ming'oma pafupifupi 2 miliyoni chaka ndi chaka, n'kumalipira pa mng'oma uliwonse.

Kumayambiriro kwa chaka cha 2025, alimi ambiri a njuchi atavundukula ming'oma yawo pokonzekera ulendowu, adapeza zii. M'ming'oma ina mudatsala njuchi zodzaza dzanja limodzi, mwina mudali uchi wokhawokha wopanda woudya. Bungwe la Project Apis m. litafunsa alimi m'dziko lonselo, lidapeza kuti alimi akuluakulu adataya pafupifupi ming'oma 62 pa 100 iliyonse kuchokera mu Juni 2024. Asayansi a unduna wa zaulimi wa dzikolo atapima njuchi zakufazo adapeza mavairasi ochuluka kwambiri. Adapezanso kuti kachilombo kofalitsa mavairasiwo kali ndi zizindikiro zoti kasiya kumva mankhwala a amitraz, amene alimi ankawadalira kuposa ena onse.

Kachilomboko ndi nthata yotchedwa Varroa destructor. Ndipo imodzi mwa njira zochititsa chidwi zimene zapezeka zolimbana nayo yachokera m'matumbo mwa njuchi mwenimwenimo, mmene mumakhala mabakiteriya amene akhala nazo kuyambira kalekale.

Mdani wamiyendo isanu ndi itatu

Nthata ya Varroa ndi mbale wake wa nkhupakupa ndi kangaude. Yaikazi ndi yofiirira, yaphwatalala, ndipo m'mbali mwake ndi pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Pamaso pa munthu ndi kadontho chabe. Koma munthu atati asanduke njuchi, nthatayo ingakhale ngati mbale ya ndiwo yomatirira pamimba pake, ikumudya usiku ndi usana.

Kwa zaka zambiri mabuku ankanena kuti nthatayi imayamwa magazi a njuchi, monga ichitira nkhupakupa pa ng'ombe. M'chaka cha 2019, Samuel Ramsey ndi anzake ku yunivesite ya Maryland adaonetsa kuti si choncho. Nthatayi imadzipanikiza pakati pa mamba a kumimba kwa njuchi, n'kuboola, n'kumasungunula ndi kumwa chiwalo chamafuta chimene chimagwira ntchito yofanana ndi ya chiwindi. Chiwalo chimenechi ndicho nkhokwe ya chakudya cha njuchi, ndicho chimasefa poizoni, ndipo chimathandiza pa chitetezo cha m'thupi. Njuchi yodyedwa pamenepo imafooka mbali zonse nthawi imodzi.

Choopsa kwambiri ndi malo amene nthatayi imaswanirana. Mphutsi ya njuchi ikatsala pang'ono kumatidwa ndi phula m'kachipinda kake ka m'chisa, nthata yaikazi imalowamo mwakachetechete n'kubisala pansi, m'chakudya cha mphutsiyo. Njuchi zantchito zimamata pakhomo osadziwa kuti zatsekera mwana pamodzi ndi chilombo. Pakapita masiku pafupifupi atatu nthata ija imaikira dzira loyamba, lomwe limaswa yamphongo, kenako mazira ena a zazikazi motsatizana. Ana onsewo amadya pabala limodzi limene mayi wawo waboola pathupi la mwana wa njuchi, amakwerana momwemo, ndipo tsiku limene njuchi yatsopano ikutuluka, nthata zazikazi zimatuluka nayo kukafuna zipinda zina. Zimakonda kwambiri ana a njuchi zamphongo, chifukwa iwo amatenga masiku 24 kuti akhwime pamene njuchi yantchito imatenga 21. Masiku owonjezerawo amapatsa nthata mpata wokhwimitsa ana ambiri.

Balalo ndi khomo la matenda. Pali vairasi ina yopundula mapiko imene kale inkakhala mwa njuchi osaonetsa mphamvu. Ikalowa kudzera m'kamwa mwa nthata, molunjika m'thupi la mwana amene akukula, imachulukana modabwitsa. Njuchi imatuluka mapiko ali opotanapotana ngati pepala lofinyidwa, mimba yaifupi, ikungokwawa, ndipo simatha masiku ambiri. Ku zilumba za Hawaii, kumene nthatayi idafika mu 2007, Stephen Martin ndi gulu lake adaona kusinthaku kukuchitika: kumene kudalibe nthata, vairasiyi inkapezeka m'ming'oma pafupifupi 10 pa 100 iliyonse, koma kumene nthata idakhazikika inkapezeka pafupifupi m'ming'oma yonse, ndipo kuchuluka kwake m'thupi la njuchi kudakwera kuwirikiza pafupifupi miliyoni.

Kwawo kwenikweni kwa nthatayi ndi ku Asia, pa mtundu wina wa njuchi wotchedwa Apis cerana. Njuchi za kumeneko zidazolowerana nayo: zimaichotsa pathupi, ndipo imaswana makamaka pa ana amphongo okha. Vuto lidayamba anthu atapititsa ku Asia njuchi za mtundu wa Apis mellifera, umene ndi wa ku Ulaya, ku Middle East ndi kuno ku Africa. Chapakati pa zaka za m'ma 1900 nthata idadumphira pa alendowo, amene sankadziwa chochita nayo. Kuchokera pamenepo idayenda ndi malonda a njuchi. Idafika ku America mu 1987, ku Britain mu 1992, ku South Africa mu 1997, ku New Zealand mu 2000. Australia idakhala yotetezeka mpaka mu Juni 2022, pamene nthata idapezeka padoko la Newcastle. Boma lidapha njuchi m'ming'oma masauzande ambiri pofuna kuithetseratu, koma mu Seputembala 2023 lidavomereza kuti zakanika.

Kupha kachilombo kokhala pa kachilombo kena si ntchito yamasewera, chifukwa mankhwala opha nthata amakhala pafupi kupha njuchi yomwe. Alimi adayamba ndi fluvalinate, ndipo m'zaka zochepa nthata za ku Italy kenako za ku America zidasiya kumumva. Coumaphos adatsata njira yomweyo. Tsopano amitraz nayenso wayamba kutha mphamvu. Ena mwa mankhwalawa amatsalira m'phula kwa zaka. Palinso asidi wa oxalic, asidi wa formic ndi thymol, amene amathandiza ndithu, koma amafuna kusamala ndi nyengo, ndipo ambiri safika bwino pa nthata zobisala m'zipinda zomata.

Anthu okhala m'matumbo

Nancy Moran, wasayansi wa ku yunivesite ya Texas mumzinda wa Austin, adatchuka poyamba pofufuza mabakiteriya okhala m'thupi la nsabwe za mbewu. Njuchi za ku America zitayamba kutha modabwitsa cha m'ma 2006 ndi 2007, iye adali m'gulu la ofufuza amene adapima tizilombo tonse topezeka mwa njuchizo. Chimene chidamukopa ndi chakuti njuchi zochokera kumadera otalikirana kwambiri zidali ndi mabakiteriya amitundu yofanana m'matumbo mwake.

M'matumbo mwa munthu muli mitundu mazanamazana ya mabakiteriya. Mwa njuchi mitundu ikuluikulu siifika khumi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse koma mwa njuchi ndi abale ake. Njuchi ikamatuluka m'kachipinda kake imakhala ndi matumbo pafupifupi opanda kanthu. Imatenga mabakiteriyawo m'masiku ake oyambirira, pokhudzana ndi akuluakulu ake ndiponso ponyambita zisa. Pomatha sabata imakhala itadzaza ndi mabakiteriya mamiliyoni mazanamazana, amene amaithandiza kugaya mungu, kunenepa bwino ndi kutchinga majeremusi oipa kuti asapeze pokhala.

Mmodzi mwa mabakiteriyawa adapatsidwa dzina mu 2013 ndi Waldan Kwong pamodzi ndi Moran. Adamutcha Snodgrassella alvi, polemekeza Robert Snodgrass, katswiri wa ku America amene adalemba mwatsatanetsatane za ziwalo za njuchi. Bakiteriya ameneyu amayala mphasa pakhoma lenileni la thumbo laling'ono, n'kumatirira pamenepo, ndipo mabakiteriya ena amadzakhala pamwamba pake. Iye ndiye amagundana ndi thupi la njuchi khungu ndi khungu.

Kufunika kwake kudaonekera pamene adachotsedwa. Mu 2017 gulu la Moran lidapatsa njuchi mankhwala a tetracycline, amene alimi a ku America akhala akuthira m'ming'oma kwa zaka zambiri poteteza mphutsi ku matenda. Mabakiteriya a m'matumbo adachepa, ndipo njuchizo zidafa zambiri kuposa zinzake zosapatsidwa mankhwala. Chaka chotsatira, Erick Motta wa m'gulu lomwelo adaonetsa kuti glyphosate, mankhwala ophera udzu amene ali mu Roundup ndipo amagulitsidwa ngakhale m'masitolo a zaulimi a kuno kwathu, amachepetsa Snodgrassella alvi m'matumbo mwa njuchi. Njuchi zoterozo zitakumana ndi jeremusi yotchedwa Serratia marcescens zidafa mosavuta. Mlimi wopopera udzu umene uli ndi maluwa dzuwa lili pamutu, njuchi zili kalikiliki, ayenera kuidziwa nkhani imeneyi.

Atadziwa kuti bakiteriyayu amakhala mokhazikika, amakhala mwa njuchi mokha, ndiponso amatheka kumulera m'labotale, ofufuzawo adafunsa funso lina: kodi sangatumidwe ntchito?

Kachidutswa ka chitenje

Kuti ntchitoyo imveke, pafunika kuona kaye mmene selo limagwirira ntchito. M'selo lililonse muli DNA, buku lalikulu la malangizo a chibadwa, logawidwa m'timitu timene asayansi amatitcha majini. Bukulo silituluka m'chipinda chake. Selo likafuna kupanga chinthu, limakopera mutu umodzi pa kakalata kotchedwa RNA, n'kukatumiza kwa amisiri opanga mapuloteni. Kakalata kameneka kamakhala ka chingwe chimodzi.

Mavairasi ambiri akamachulukana amapanga RNA ya zingwe ziwiri zopotana. Kwa selo la kachilombo ngati njuchi, RNA yotere ndi phazi la mbala pakhomo. Nthawi yomweyo puloteni ina yotchedwa Dicer imaiduladula m'tizidutswa ta zilembo 21 kapena kuposerapo pang'ono. Tizidutswato timaperekedwa kwa alonda a m'selo, amene amayenda nato monga mayi amayendera mumsika atagwira kachidutswa ka chitenje, kufunafuna nsalu ya maluwa ofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti alondawa akapeza kalata yofanana ndi kachidutswako amaing'amba. Uthenga sufika kwa amisiri, ndipo jini imene idautumiza imakhala ngati yatsekedwa pakamwa.

Andrew Fire ndi Craig Mello ndiwo adafotokoza zimenezi mu 1998 atafufuza pa kanyongolotsi kakang'ono, ndipo adalandira mphotho ya Nobel mu 2006. Njirayi imadziwika ndi dzina lachidule lakuti RNAi. Ubwino wake ndi wakuti alondawo safunsa kumene kachidutswa kachokera. Munthu akapanga RNA ya zingwe ziwiri yofanana ndi jini ina iliyonse, n'kuilowetsa m'thupi la kachilombo, thupilo limadzitsekera lokha jiniyo.

Ofufuza a ku Israel adaonetsa mu 2012 kuti njuchi ikamwa RNA yotere m'madzi a shuga, RNA imalowa m'thupi lake, ndipo nthata yodya panjuchiyo imaimeza. Ngati RNA ija idalembedwa mofanana ndi majini ofunika a nthata, alonda a m'thupi la nthata amayamba kung'amba makalata a mwini wawo. Njuchi sivulala, poti zilembozo sizifanana ndi zake. Makampani adali ataona kale msika: Monsanto idagula kampani ya Beeologics mu 2011 chifukwa cha luso lomweli. Koma panali zopinga. RNA inkadula kupanga, imawonongeka msanga, ndipo mphamvu yake ikatha pamafunika kudyetsanso.

Apa m'pamene maganizo a ku Texas adasiyana ndi a ena. M'malo mopanga RNA m'fakitale ndi kuinyamula kupita nayo kumng'oma, bwanji osaika fakitaleyo m'mimba mwa njuchi?

Zimene zidachitika ku Austin

Sean Leonard, amene nthawi imeneyo adali wophunzira wa digiri ya PhD, adagwira ntchitoyi pamodzi ndi Moran, Jeffrey Barrick ndi ena. Adatenga Snodgrassella alvi n'kumuikamo kamphete kakang'ono ka DNA kotchedwa plasmid, kokhala ndi malangizo opangira RNA ya zingwe ziwiri. Adapanga mitundu ingapo. Wina ankapanga RNA yofanana ndi vairasi yopundula mapiko. Wina ankapanga yofanana ndi tizidutswa ta majini 14 amene nthata singakhale moyo popanda iwo.

Kulowetsa mabakiteriyawo mwa njuchi sikudafune jakisoni. Adawasakaniza m'madzi a shuga n'kunyowetsa nawo njuchi zazing'ono zongotuluka kumene. Njuchi ndi zaukhondo: zidayamba kudzinyambita ndi kunyambitana, n'kumeza mabakiteriyawo. Iwo adakafika pamalo awo akale, pakhoma la thumbo, adamatirira, n'kuyamba kutulutsa RNA tsiku ndi tsiku. Ofufuzawo adaipeza RNA imeneyi itafika kutali ndi matumbo, m'madzi a m'thupi ngakhale kumutu.

Kenako adayesa. Gulu lina la njuchi adalibaya vairasi yopundula mapiko. Pofika tsiku la 10, njuchi zokhala ndi bakiteriya wolimbana ndi vairasiyo zidali ndi mwayi wopulumuka woposa wa zinzake ndi 36.5 peresenti. Gulu lina adaliika nthata pathupi. Nthata zodya pa njuchi zokhala ndi bakiteriya wolimbana ndi nthata zidali ndi mpata wakufa woposa wa zinzake ndi pafupifupi 70 peresenti pofika tsiku la 10 lomwelo. Zotsatirazi zidasindikizidwa m'magazini ya Science kumapeto kwa Januwale 2020.

Chokoma pa njirayi n'chakuti njuchi yeniyeniyo siisinthidwa chibadwa. Mazira a mfumukazi amakhala mmene adalili. Chosinthidwa ndi mlendo wa m'matumbo, ndipo chida chophera nthata ndi chitetezo cha m'thupi la nthata yomweyo. Komanso uthenga umene bakiteriya wanyamula ukhoza kulembedwanso. Mu 2023 gulu la Moran lidagwiritsa ntchito bakiteriya yemweyu polimbana ndi Nosema ceranae, kachilombo kena kowononga matumbo a njuchi, ndipo njuchi zodwala zidakhala moyo nthawi yotalikirapo. Nthata zidazolowera fluvalinate chifukwa mankhwalawo amamenya malo amodzi m'thupi, ndipo kusintha kwakung'ono pamalopo kumakwanira. Kuzemba nkhonya zolunjika majini 14 nthawi imodzi n'kovuta kwambiri.

Mng'oma si khola la m'labotale

Komabe manambala a ku Austin ayenera kuwerengedwa ndi mutu wozizira. Njuchi zija zidali m'timakola ta m'labotale, zochepa m'kakhola kalikonse, zopanda mfumukazi, zopanda ana, ndipo kuyesako kudatenga masiku owerengeka. Mng'oma wamphamvu umakhala ndi njuchi 20,000 mpaka 60,000. M'nyengo ya maluwa njuchi yantchito imakhala moyo masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo mfumukazi imatha kuikira mazira oposa 1,000 patsiku. Kuti njirayi ipindule, bakiteriya wosinthidwayo ayenera kumadutsa kuchokera ku m'badwo wina kupita ku wina, akulimbirana malo ndi abale ake achilengedwe amene sasenza katundu wopanga RNA ya eni.

Chachiwiri n'chachikulu kuposa. Nthata zimene zidafa ku Austin zinkadya pa njuchi zazikulu. Koma nkhondo yeniyeni ili m'zipinda zomata, pa ana, amene alibe mphasa ija ya mabakiteriya m'matumbo. Chiyembekezo chilipo, poti Eyal Maori ndi anzake adaonetsa mu 2019 kuti RNA imene njuchi yamwa imatha kulowa m'phala limene njuchi zolera zimadyetsa mphutsi. Ngati RNA yopangidwa ndi bakiteriya ingadutse njira imeneyo mokwanira, ndiye kuti nthata yapezedwa pogona pake.

Chachitatu sichikhudza sayansi yokha. Njuchi ilibe mpanda. Imauluka makilomita angapo, imasochera n'kulowa mng'oma wa eni, imakaba uchi m'ming'oma yofooka, ndipo gulu likagawikana limakakhala m'mphako kutchire. Bakiteriya wotulutsidwa m'mng'oma umodzi sangaitanidwenso kuti abwerere. Ofufuza a ku Texas adagwira ntchito yawo m'zipinda zotsekedwa bwino, ndipo amanena kuti Snodgrassella alvi sakhalitsa kunja kwa matumbo a njuchi. Zimenezo n'zoona ndipo zimachepetsa nkhawa. Koma mabakiteriya amadziwika kuti amapatsirana timphete ta DNA, ndipo abale a bakiteriyayu amapezekanso mwa njuchi zina zakutchire. Amene akufunsa kuti kampheteko kakathera kuti akufunsa funso loyenera, ndipo liyenera kuyankhidwa mng'oma woyamba usadatsegulidwe panja. Mayiko ambiri ali ndi malamulo pa zamoyo zosinthidwa chibadwa. Malawi ali ndi lake la 2002, lomwe lidagwiritsidwa ntchito poyesa thonje losinthidwa chibadwa la Bt lisadafike kwa alimi. Koma thonje limakhala pamene labzalidwa.

Pakadali pano njira ya RNA yafika kwa alimi kudzera pakhomo lina. Mu 2025 bungwe loona zachilengedwe ku America lidavomereza mankhwala a kampani ya GreenLight Biosciences otchedwa Norroa. Ndi madzi a shuga okhala ndi RNA ya zingwe ziwiri yopangidwa m'fakitale. Njuchi zimawamwa n'kuwafikitsa kwa ana, ndipo nthata zimalephera kuswana bwino. M'menemo mulibe chamoyo chosinthidwa chibadwa, n'chifukwa chake njira yake yovomerezera idali yofupikirapo. Koma mlimi ayenera kugula ndi kugulanso, chimene bakiteriya wa ku Austin adapangidwira kuti athetse.

Njuchi za ku Africa zidayankha mwa njira yawo

Nthata itapezeka pafupi ndi Cape Town mu 1997, ambiri adaopa kuti njuchi za kummwera kwa Africa zitha ngati za ku Ulaya. Ming'oma ina idafadi, ndipo nthata zidachuluka zedi m'zaka zoyambirira. Koma alimi ambiri sadathire mankhwala, ndipo njuchi zambiri za kumeneko n'zakutchire, zopanda wozithirira. Mike Allsopp, wofufuza wa ku Stellenbosch amene adatsatira nkhaniyi kuyambira pachiyambi, adapeza kuti njuchi za ku Cape zidayamba kupirira nthata m'zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo za kumtunda, za mtundu wa scutellata, m'zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri.

Zifukwa zake ndi makhalidwe omwe aja amene amatopetsa mlimi. Njuchi za ku Africa sizichedwa kugawikana, ndipo zikavutitsidwa kapena maluwa akatha zimasamuka, kusiya zisa pamodzi ndi nthata zotsekeredwamo. Ana ake amakhwima msanga pang'ono kuposa a njuchi za ku Ulaya, choncho nthata imapeza nthawi yochepa yoswana. Zimanunkhiza kachipinda kokhala ndi nthata, n'kukamatula, n'kutaya mwana wodwalayo kunja. Ndipo poti panalibe mankhwala opulumutsa magulu ofooka, amene adatsala ndi kubereka ndi olimba okhaokha.

Ku Kenya nthata idapezeka mu 2009. Elliud Muli ndi anzake a ku bungwe la icipe ku Nairobi ndi yunivesite ya Penn State adayendera malo owetera njuchi m'madera osiyanasiyana a dzikolo, ndipo mu 2014 adalengeza kuti nthata yafalikira ndithu koma sikuoneka kuti ikuchepetsa kukula kwa magulu a njuchi. Malangizo awo kwa alimi adali akuti asathamangire mankhwala.

Malangizowa ali ndi phindu la ndalama. Uchi wa m'ming'oma ya makungwa ya m'nkhalango za Mwinilunga ndi Kabompo, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, umagulidwa ku Ulaya pamtengo wabwino chifukwa ulibe mankhwala, ndipo malamulo a msika wa uchi wopanda mankhwala salola zamoyo zosinthidwa chibadwa. Kwa mlimi wotere, ngakhalenso wa ku Nkhata Bay kapena m'mphepete mwa Nyika, adani a tsiku ndi tsiku akadali linthumbu, chiuli, moto wolusa ndi nkhwangwa yodula mitengo ya maluwa. Bakiteriya wa ku Texas adapangidwira njuchi zoleredwa mothinana, zoyenda pamalole, zimene zakhala pa mankhwala kwa zaka zoposa makumi atatu. Choopsa chenicheni kuno chingakhale kuitanitsa mfumukazi za kunja poganiza kuti n'zofatsa ndi zopatsa uchi wambiri, pamene zikubwera ndi magazi osadziwa kulimbana ndi nthata, mwinanso ndi mavairasi atsopano.

Mlimi wofuna kudziwa ngati nthata ili m'ming'oma yake safunika labotale. Pofula uchi, akhoza kupatula chisa chokhala ndi ana amphongo, amene zivundikiro zawo zimatumphuka ngati nsonga ya chipolopolo, n'kumatula tizipinda makumi angapo ndi kamtengo kosongoka. Mwana wa njuchi amakhala woyera mbee, ndipo nthata imaonekera pomwepo ngati kanjere kofiirira koyenda. Njira ina ndi yotapa njuchi theka la kapu, zomwe zimakhala pafupifupi 300, kuziika m'botolo lotsekedwa ndi sefa, kuthiramo masupuni awiri a shuga wosalala wa makeke, kugubuduza botololo kwa mphindi imodzi, kenako kukhutumulira shugayo pa mbale yoyera. Nthata zimaterereka n'kugwera pambalepo, ndipo njuchi zimabwezedwa mumng'oma zili zamoyo, zinzake n'kuzinyambita. Ku America, nthata zikafika zitatu pa njuchi 100 zilizonse, alimi ambiri amayamba kuthira mankhwala. Ku Kenya ofufuza adapeza ming'oma yokhala ndi nthata, yosathiridwa chilichonse, njuchi zikulowa ndi kutuluka pakhomo zitasenza mungu kumiyendo.